Ndingadziwe bwanji kuti ma vector awiri akumana pa madigiri 90 popanda kudalira gradient?

kamtedza04

Akuluakulu a masamu, ndithandizeniko pa mutu wa ma vector. Zoyambirira ndikuzimva: vector ili ndi kutalika komanso komwe ikuloza, pophatikiza ma vector timaphatikiza x ndi x mnzake, y ndi y mnzake, ndipo kutalika kwa (3, 4) ndi 5 potsatira Pythagoras. Pomwe pandivuta ndi pa mafunso a perpendicular, kutanthauza kukumana pa madigiri 90.

Loyamba likuti a = (3, 4), b = (k, −6), pezani k kuti awiriwa akumane pa madigiri 90. Ndinatenga ma gradient, 4/3 kuchulukitsa ndi −6/k zipereke −1, ndapeza k = 8. Limeneli lagwirizana ndi yankho la kumapeto kwa buku.

Lachiwiri ndi p = (0, 6) ndi q = (7, 0). Ndikajambula zikuoneka poyera kuti ali pa 90, koma gradient ya p ndi 6 kugawa ndi ziro, calculator ikukana.

Lachitatu ndiye landiimitsa mutu: u = (1, 2, −2), v = (2, t, 3), pezani t. Zigawo zitatu gradient yake ndiitenga bwanji? Buku likuti t = 2. Ndamva kuti timachulukitsa zigawozo tipeze ziro, koma ndikachulukitsa ndikupeza (2, 4, −6), ziro sakuoneka pena paliponse.

Njira yogwira ponseponse ndi iti? Ndipo ndikufuna ndimvetse chifukwa chake, osati kungoloweza.

Gologolo

A kamtedza, pa funso lachitatulo munatsala phazi limodzi kuti mufike. Mwachulukitsa bwino, chomwe simunachite n'kuphatikiza zotsatirazo: 2 + 4 + (−6) = 0. Ziro mukumufunayo ndi ameneyo. Ntchito imeneyi imatchedwa dot product, ndipo yankho lake ndi nambala imodzi, si vector ayi. Pa zigawo ziwiri, a = (a1, a2) ndi b = (b1, b2), ndiye a·b = a1b1 + a2b2, pa zitatu mungowonjezera a3b3. Ma vector awiri, onse oti si ziro, amakumana pa madigiri 90 ngati nambala imeneyi ndi 0, ndipo ngati si 0 ndiye kuti sali pa 90.

Mafunso anu onse atatu akugwa ndi nkhwangwa imodzi. Loyamba: 3k + 4(−6) = 0, ndiye 3k = 24, k = 8. Lachiwiri: 0×7 + 6×0 = 0, latha, palibe kugawa kulikonse. Lachitatu: 1×2 + 2t + (−2)×3 = 0, ndiye 2t − 4 = 0, t = 2.

Tsono chifukwa chake. Ikani a ndi b kuti ayambire pamalo amodzi. Mukalumikiza nsonga zawo mwapanga triangle, ndipo mbali yachitatuyo ndi a − b. Kutalika kwake mukakusikweya mupeza (a1 − b1)² + (a2 − b2)². Tsegulani ma bracket, sonkhanitsani zofanana (|a| akutanthauza kutalika kwa a):

|a − b|² = |a|² + |b|² − 2(a1b1 + a2b2)

Yang'anitsitsani mzere umenewu. Mukachotsa kachidutswa kakumapetoko, chotsala ndi Pythagoras weniweni. Choncho triangle imeneyi imvera Pythagoras pokhapokha a1b1 + a2b2 ili ziro, ndipo triangle yomvera Pythagoras ndiyo ili ndi ngodya ya 90. Dot product ndi muyeso wa momwe triangle yaphonyera Pythagoras. Yesani ndi funso lanu loyamba: a = (3, 4) kutalika 5, b = (8, −6) kutalika 10, a − b = (−5, 10), kusikweya kwake 25 + 100 = 125, zomwe n'zofanana ndi 5² + 10².

Ngati cosine rule munaphunzira kale, iikeni pambali pa mzere uja. Iyo imati |a − b|² = |a|² + |b|² − 2|a||b|cos θ. Apa θ ndi ngodya ya pakati pa a ndi b. Mizere iwiriyi ikunena za mbali imodzi, choncho a1b1 + a2b2 = |a||b|cos θ. Kuchokera apa mukuona zambiri kuposa za 90 zokha. Dot product ikakhala pamwamba pa ziro, ngodya ndi yochepera 90. Ikakhala pansi pa ziro, ngodya yapitirira 90.

Lamulo la ma gradient silolakwa, ndi mwana wa lamulo lomweli. Tengani a1b1 + a2b2 = 0, gawani ponse ndi a1b1, mupeza (a2/a1)(b2/b1) = −1. Koma kugawa kumeneko kukuloledwa kokha ngati a1 ndi b1 si ziro. Pa funso lanu lachiwiri a1 ndi 0, n'chifukwa chake njirayo yakukanani pomwe dot product yadutsa bwinobwino. Ine ndingakulangizeni kuti pa ma vector muzingoyambira pa dot product nthawi zonse, gradient muzisungira mafunso a y = mx + c.

Pali dzenje lina lomwe ophunzira amagweramo kawirikawiri, pa mafunso omwe amakupatsani nsonga za triangle m'malo mwa ma vector. Tinene A(1, 1), B(4, 5), C(8, 2), onetsani kuti pa B pali ngodya ya 90. Ambiri amathamangira kuchulukitsa manambala a nsongazo momwe alili, 1×4 + 1×5 = 9, n'kunena kuti palibe 90. Pamenepo ayeza ngodya ya pa origin pakati pa OA ndi OB, yomwe palibe waifunsa. Yambani mwapeza mbali zomwe zikuchokera pa B: BA = (1 − 4, 1 − 5) = (−3, −4), BC = (8 − 4, 2 − 5) = (4, −3). Dot product ndi −12 + 12 = 0.

Ma vector onse awiri azichokera pa nsonga yomwe mukuyezayo. Pa ngodya ya 90 ngakhale mutatembenuza imodzi simuzindikira, poti ziro alibe chizindikiro, ndipo chizolowezi choipacho chimakula mobisika. Chimadzaonekera pa ngodya zina. Pa A mu triangle yomweyi, AB = (3, 4), AC = (7, 1), dot product 25, kutalika 5 ndi √50, cos θ = 25/(5√50) = 0.7071, ngodya 45. Mukatenga AB ndi CA mupeza −25, ngodya ituluka 135, yomwe ndi ya kunja kwa triangle.

Komanso onetsetsani kuti calculator ili pa DEG. Ikakhala pa RAD, cos 90 ikupatsani −0.448 m'malo mwa 0.

Nkhwazi_Eng

A Gologolo afotokoza za pa pepala. Ndiwonjezereko za pa nthaka, chifukwa mzere uja wa |a − b|² ndi womwe amisiri amagwiritsa ntchito poika maziko a nyumba, ngakhale sautchula dzina.

Pofuna kuti ngodya ikhale pa sikweya, mmisiri amakhoma chikhomo pangodyapo, amakoka chingwe cha khoma loyamba n'kuika chizindikiro pa mamita 4, pa chingwe cha khoma lachiwiri pa mamita 3, kenako amasuntha chingwe chachiwiricho mpaka tepi itawerenga mamita 5 pakati pa zizindikiro ziwirizo. 9 + 16 = 25, kachidutswa ka dot product kafika pa ziro.

Kukula kwa triangle yoyezerayo kuli ndi ntchito. Mukaphonya ndi sentimita imodzi pa 3, 4, 5, ndiye kuti tepi yawerenga 5.01. Kusikweya kwake ndi 25.1001, cos θ = −0.1001/24, ngodya yapatuka ndi madigiri pafupifupi 0.24. Mukachita zomwezo ndi katriangle ka masentimita 60, 80, 100, sentimita imodzi yomweyo ipatutsa ngodya ndi madigiri 1.2, kasanu kuposa poyamba. N'chifukwa chake sikweya yachitsulo ya m'manja siyokwanira poika maziko a nyumba yonse. Muziyeza ndi triangle yaikulu momwe malo angalolere, tepi ikhale yokoka bwino, isagone pa milu ya dothi, ndipo mamita 5 aja aziwerengedwa pa tepi, osati pa chingwe cha nayiloni chomwe chimatamuka.

Zikhomo zinayi zikaima, pamabwera kuyeza ma diagonal. Makoma akhale a ndi b. Diagonal imodzi ndi a + b, inayo ndi a − b. Kusikweya koyamba kuli ndi +2a·b, kwachiwiri kuli ndi −2a·b, choncho ziwirizi zifanana pokhapokha a·b = 0. Nyumba ya mamita 8 kwa 6 diagonal iliyonse ikhale mamita 10. Imodzi ikawerenga 10.05, inzake iwerenga pafupifupi 9.95, ngodya ili pa madigiri 90.6, ndipo kumapeto kwa khoma la mamita 6 mwapatuka ndi masentimita 6. Pa maziko simungaone ndi maso. Zidzaonekera pokhoma malata, pomwe mzere wa m'mphepete uyamba kupanga mano, kapena poyala matailosi, pomwe odulidwa a m'mbali mwa khoma ayamba aakulu n'kumathera ang'ono.

Chenjezo pamenepa: ma diagonal ofanana amatsimikizira 90 kokha ngati makoma oyang'anana ali ofanana kutalika. Khoma lakutsogolo likakhala 8 lakumbuyo 7.8, zikhomo zakumbuyozo zitalowa mkati mofanana mbali zonse, ma diagonal afanana ndithu koma palibe ngodya ngakhale imodzi yomwe ili pa 90. Yambani mwayeza makoma anayi, ma diagonal pambuyo.

Mu fizikisi nkhani yomweyi imabwera pa work, W = F·d, pomwe F ndi mphamvu ndipo d ndi mtunda. Mukakoka katundu ndi chingwe chopendekera madigiri 60 kuchokera pansi, mphamvu 100 N, mtunda mamita 10, work ndi 100 × 10 × cos 60 = 500 J. Theka lokha la mphamvuyo ndilo likuyendetsa katundu kutsogolo. Ndowa ya malita 20 ili pamutu imakokedwa pansi ndi mphamvu ya pafupifupi 196 N, koma woisenza akamayenda pa malo athyathyathya, ulendo uli chopingasa pomwe mphamvuyo ikuloza pansi, cos 90 = 0, ndipo work ya mphamvu yokokera pansiyo ndi ziro. Kutopa kwa khosi n'kwenikweni, koma kumachokera ku minofu yomwe ikukhala yokungika, sikulowa mu F·d ya ndowayo.

kamtedza04

Zikomo kwambiri a Gologolo ndi a Nkhwazi, za Pythagoras zija zanditsegula maso. Ndayesa funso lina: a = (t, 2t), b = (t − 4, 1). Ndapeza t(t − 4) + 2t = 0, ndagawa ponse ndi t, t = 2. Kodi kugawako n'kololedwa? China, akandipatsa vector imodzi yokha n'kuti ndipeze ya perpendicular kwa iyo, ndiyambira pati, makamaka pa zigawo zitatu? Ndiponso ngati a·b = a·c, ndingafafanize a n'kunena kuti b = c?

mayi_masamu

Ndiyambe ndi lomalizalo, poti yankho lake ndi lalifupi: ayi, musafafanize. Tengani a = (1, 2), b = (3, 1), c = (5, 0). a·b = 5, a·c = 5, koma b ndi c ndi osiyana. Chomwe mungachite n'kusamutsa zonse mbali imodzi, a·(b − c) = 0. Izi zikungonena kuti b − c ndi ziro kapena ili perpendicular kwa a. Apa b − c = (−2, 1), ndipo −2 + 2 = 0. Palibe kugawa ndi vector m'masamu amenewa.

Kupeza ya perpendicular pa zigawo ziwiri n'kosavuta. Sinthanitsani manambala, imodzi muisinthe chizindikiro. Pa (3, 4) mupeza (−4, 3), yomwe ndi vector yomweyo itazungulira madigiri 90 mobwerera kumanzere, kapena (4, −3) itazungulira kumanja. Ena onse ndi omwewa atatalikitsidwa kapena kufupikitsidwa, monga (8, −6) wa funso lanu loyamba. Chinthu chomwechi chili m'mizere yolembedwa ax + by = c: vector (a, b) imakhala perpendicular kwa mzerewo. Mzere 3x + 4y = 12 ukuyenda molowera (4, −3), ndipo (3, 4) ikuudula pa 90. Choncho mizere iwiri yolembedwa chonchi, a1x + b1y = c1 ndi a2x + b2y = c2, imakumana pa 90 ngati a1a2 + b1b2 = 0, ndipo izi zikugwira ngakhale pa x = 2 ndi y = 1, pomwe gradient inakukanani.

Pa zigawo zitatu zinthu zasintha, ndipo apa ndi pofunika kudekha. Imikani pensulo pa tebulo. Mzere uliwonse womwe mungajambule pa tebulopo, kaya ukuloza kukhomo kaya kuzenera, uli pa 90 ndi pensuloyo. Ndiye vector imodzi ili ndi mbali zosawerengeka za perpendicular, osati ziwiri zokha. Ngati funso likungofuna imodzi, ikani ziro pa chigawo chimodzi, ziwiri zotsalazo muchite nazo monga pamwambapa. Pa u = (1, 2, −2) mukhoza kutenga (−2, 1, 0), kapena (0, 2, 2), kapena (2, 0, 1). Onsewa dot product yawo ndi u ndi ziro, ndipo onse ndi mayankho olondola. Ngati vector yomwe mwapatsidwa ili ndi ma ziro kale, monga (0, 0, 5), musasinthanitse ma ziro awiriwo, mutsala ndi (0, 0, 0).

Kuti mbali ikhale imodzi, pamafunika ma vector awiri osaloza kumodzi, ndipo chida chake ndi cross product. Ndi u = (1, 2, −2) ndi v = (2, 2, 3) a funso lanu lija:

chigawo choyamba: 2×3 − (−2)×2 = 10
chachiwiri: (−2)×2 − 1×3 = −7
chachitatu: 1×2 − 2×2 = −2

u × v = (10, −7, −2). Chigawo chapakati ndi chomwe anthu amalakwitsa chizindikiro, choncho musapitirire musanayese: ndi u, 10 − 14 + 4 = 0; ndi v, 20 − 14 − 6 = 0. Mukanalemba +7, mayeso onse awiri akanakana nthawi yomweyo. Palinso umboni wina wokoma. Kutalika kwa u × v ndi |u||v|sin θ, ndipo popeza u ndi v ali pa 90, sin θ = 1. |u| = 3, |v| = √17, kuchulukitsa 3√17 = √153, ndipo 100 + 49 + 4 = 153.

Pa chifukwa chomwechi, kuti mzere ukhale perpendicular kwa plane (malo athyathyathya ngati pamwamba pa tebulo), uyenera kupereka ziro ndi ma vector awiri osaloza kumodzi a mu plane imeneyo. Umodzi siwokwanira. A Nkhwazi angavomereze kuti mzati umayezedwa ndi levulo mbali ziwiri, chifukwa ukhoza kuoneka woongoka mukaima kutsogolo pomwe wapendekera kwa inu. Ndiponso mu zigawo zitatu mizere iwiri ikhoza kukhala ndi dot product ya ziro osakhudzana n'komwe, monga mlatho ndi mtsinje wodutsa pansi pake. Funso likati mizere ikumane pa 90, kukumanako kumafuna umboni wakewake.

Dzenje lomaliza lili pa mafunso omwe sapereka manambala, amangoti OA = a, OB = b. Wophunzira amaona a + b ndi a − b, amatenga manambala akutsogolo ngati (1, 1) ndi (1, −1), amapeza 1 − 1 = 0, n'kulemba kuti ndi perpendicular. Njira yochulukitsa zigawo imagwira chifukwa i = (1, 0) ndi j = (0, 1) ali pa 90 ndipo aliyense kutalika kwake ndi 1. Za a ndi b sitinauzidwe zimenezo. Tsegulani ma bracket monga mu algebra: (a + b)·(a − b) = |a|² − |b|². Iyi ndi ziro kokha ngati a ndi b ali ofanana kutalika, n'chifukwa chake ma diagonal a rhombus amadulana pa 90. Pa nyumba ya 8 kwa 6 ija mupeza 64 − 36 = 28, cos θ = 28/100, ma diagonal akudulana pa madigiri 73.7.

Gologolo

Mayi asiya funso la t, ndilitole. t = 2 ndi yolondola: a = (2, 4), b = (−2, 1), −4 + 4 = 0. Koma pogawa ndi t mwataya yankho lina osaliona n'komwe. Lembani t² − 2t = 0, kenako t(t − 2) = 0, t = 0 kapena t = 2. Tsopano yesani t = 0: a ikhala (0, 0). Vector ya ziro ilibe komwe ikuloza, ndiye palibe ngodya yoti tiyeze, ndipo cos θ = a·b/(|a||b|) ikufuna kugawa ndi ziro. Pa funso lofunsa ngodya ya madigiri 90, kanani t = 0 ndipo mulembe chifukwa chake. Apa zangochitika kuti yomwe munataya ndi yoyenera kutayidwa. Mukanakhala ndi a = (t, 3), b = (t − 2, t), mukanapeza t² + t = 0, ndipo t = 0 ikupereka (0, 3) ndi (−2, 0), yankho labwinobwino lomwe kugawa ndi t kukanalimeza. Chimodzimodzi a = (t, 2), b = (t, −8): t² = 16 ili ndi mayankho awiri, 4 ndi −4.

Mabuku a ku yunivesite a linear algebra amagwiritsa ntchito mawu oti orthogonal, omwe tanthauzo lake ndi a·b = 0 basi, ndipo pamenepo vector ya ziro imawerengedwa kuti ndi orthogonal kwa vector iliyonse. Musadabwe mukadzakumana nazo, ndi nkhani ya momwe mawuwo atanthauziridwa.

Mukadzachita izi pa kompyuta, musayembekezere ziro weniweni. Mu Excel dot product ndi SUMPRODUCT, ndipo COS imawerenga ma radian, moti COS(PI()/2) imapereka pafupifupi 6.12E-17, nambala yaing'ono kwambiri, m'malo mwa 0. Pa manambala oyezedwa ndi tepi kapena makina, musaweruze ndi kuchepa kwa dot product yokha. Dot product ya 3 pa ma vector awiri otalika 100 aliyense ikupereka cos θ = 0.0003, ngodya 89.98. Dot product ya 0.03 pa ma vector otalika 0.2 ndi 0.3 ikupereka cos θ = 0.5, ngodya 60. Yambani mwagawa ndi |a||b|, kenako muone ngati chotsatiracho chili pafupi ndi ziro.